Galimoto yozima pa maloboti ndi yokana kulira ikatentha: poyambira kufufuza

Galimoto yakale imadwala muli nokha pamsewu, mukafika nayo kwa makaniko n'kupezeka yachira. M'mawa yalira kamodzin'kamodzi. Mwayenda bwinobwino mpaka m'tauni, koma pongofika pa maloboti, mwaponda klachi, injini yanjenjemera kenako zii. Tsiku lina mwaima pagolosale mphindi 10 dzuwa la Okutobala lili pamutu, pobwerako sitata ikungozungulira, injini osagwira. Anyamata akukankhani mpaka thukuta kamukamu, yakana. Mwakhala pamthunzi theka la ola, kuyesanso, yalira ngati palibe chomwe chachitika.

Ndaona anthu ambiri akutha ndalama pa matenda amenewa. Lero mapulagi, sabata yamawa koyilo, mwezi winawo pampu, vuto likadali pomwepo, chifukwa zonsezo zimagulidwa mongoganizira. Vuto lobwera n'kuchoka limagwidwa pa nthawi yomwe likuchitika, injini ili yotentha, galimoto ili pomwe yakanirapo. Sipeya ndi wogula pomaliza, mutapima kaye.

Zitsanzo zanga zambiri ndi za Toyota Corolla za AE100 zomwe zinayamba kutuluka mu 1991 ndi AE110 za kuyambira 1995, pamodzi ndi abale ake Sprinter ndi Carina, za injini ya 5A-FE ya malita 1.5 kapena 4A-FE ya malita 1.6. Kaganizidwe kake n'komweko pa galimoto ina iliyonse ya petulo, manambala okha ndiwo amasiyana. Za kabuleta ndazipatsa gawo lake kumunsiku. Muzikhala m'galimoto ndi sipanala yomasulira mapulagi, sikuludilaiva, pulayasi, kachidutswa ka waya, pulagi ya moto imodzi yabwino yapadera, botolo loonekera m'kati ndi multimeter yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa.

Yambani ndi kuona nthawi yomwe imadwala

Musanatsegule boneti, dziyankheni mafunso awa. Imazima ili yozizira kapena itatentha? Imazima mwadzidzidzi ngati munthu wathimitsa kiyi, kapena imayamba yafooka, kutsamwatsamwa, kenako n'kufa? Kuzima kwadzidzidzi nthawi zambiri ndi magetsi. Kufooka pang'onopang'ono ndi mafuta. Imazima mukaponda buleki? Mukayatsa nyali ndi ekoni? Thanki ikatsala pang'ono kuuma? Zinayamba mutathira petulo wa m'zigubu, kapena mutatsukitsa injini ndi madzi a mphamvu? Mayankho amenewa amadula theka la ntchito, ndipo ndi amene makaniko wabwino adzakufunseni.

Kenako batire. Injini ili chete liwerenge pafupifupi 12.6 V, ikamalira pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Gwedezani mitu ya batire ndi dzanja. Tsatani waya wokhuthala wochoka ku mutu wa negative kupita ku bodi ndi ku injini, mumasule, mupale dzimbiri, mumangenso. Galimoto yozima mukayatsa nyali usiku nthawi zambiri vuto lake lili pamenepa kapena pa alternator.

Ifunseni galimotoyo

Ambiri sadziwa kuti Corolla zimenezi zimanena zokha pomwe pakupweteka, popanda makina odula opimira galimoto. Pansi pa boneti pali kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Kuseri kwa chivindikiro chake kuli mayina a mabowo. Kiyi ali wothimitsa, lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya kanu kaja, tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake koma osaliza injini, muyang'ane nyali ya check engine. Ikamaphethira mofanana osapumira, kompyuta bokosi sinasunge cholakwa chilichonse. Ikaphethira kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye 22. Manambala ofunika pa nkhani yathuyi ndi awa: 12 ndi uthenga wa kazunguliridwe ka injini wochokera mu distributor (chogawa moto ku mapulagi), 14 ndi za moto wa mapulagi, 21 ndi sensa ya okosijeni ya pa ekizosi, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 24 ndi ya kutentha kwa mpweya, 31 ndi sensa yoyeza kukoka kwa mpweya mu manifodi (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda), 41 ndi sensa ya pa throttle, khomo la mpweya lomwe limatseguka mukaponda moto. Galimoto zina za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zili ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Pamenepo mumalumikiza TC ndi CG.

Lembani manambalawo, zulani fyuzi ya EFI kwa masekondi osachepera 10 kuti afufutike, muyende mpaka vuto libwerenso, muwerengenso. Nambala yobwereranso ndiye yeniyeni. Koma nambala imaloza dera, osati chipangizo. 22 ikhoza kukhala sensa, ikhozanso kukhala waya wothyoka pa pulagi yake, ndipo pa galimoto za zaka 25 kapena 30 mapulagi apulasitiki amenewa amakhala ouma gwa, othetheka mukangowakhudza. Ngati nyali ya check engine siyaka n'komwe mukatembenuza kiyi, mwina wina anachotsa babu kuti agulitse galimoto. Bwezeretsani babulo.

Injini yonjenjemera ikaima: yang'anani mpweya

Apa ndi pomwe ndimakhalitsa, chifukwa mavuto ambiri a idling, kulira kwa injini osaponda moto, amathera pano ndipo safuna ndalama zambiri. Injini ikamalira yokha osaponda moto, khomo la throttle limakhala lotseka, ndipo kampweya kochepa komwe ikufuna kamadutsa njira yapambali yoyendetsedwa ndi valavu ya ISC. Mpweya ndi wochepa kwambiri moti kabowo kakang'ono kapena mwaye pang'ono zimasokoneza zonse. Pamsewu mukuthamanga simumva kanthu, koma mukangochotsa phazi, vuto limaonekera.

Lizani injini, itenthe, muone singano: iyenera kukhazikika pakati pa 700 ndi 800 rpm. Tcherani khutu mozungulira manifodi, mumve ngati pali kulira kwa "siii". Gwirani timapaipi ta labala tonse kamodzikamodzi, mutipinde pang'ono. Timang'ambikira kumapeto, pomwe tavalidwa pa chitsulo, ndiponso kunsi komwe maso safika. Finyani paipi iliyonse ndi pulayasi, mutakuta ndi kansalu kuti isaboole. Mukafinya ina injini n'kusintha kaliridwe, kukhala bwino, mwapeza njira yomwe mpweya wakuba ukulowera. Musaiwale paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki, chofewetsa buleki mukaiponda: galimoto yozima mukaponda buleki, buleki yakenso n'kukhala yolimba, kawirikawiri ndi booster yobooka m'kati. Paipi ya PCV, yotulutsa nthunzi ya oyilo kuchoka pa chivindikiro cha injini, imafewa ndi oyilo mpaka kuphwafuka. Kapaipi kopita ku sensa ya manifodi kakang'ambika, kompyuta imaganiza kuti mwaponda moto, n'kuthira petulo wambiri, utsi wakuda uli tolotolo.

Ena amapopera carb cleaner mozungulira gasiketi ya manifodi kuti amve ngati injini ikwere. Njirayi imagwira, koma mankhwalawo amayaka, ndipo pa injini yotentha ya mawaya othetheka moto ndi wapafupi. Ine ndimakonda madzi m'kabotolo kopopera: akalowa pobooka injini imatsamwa pang'ono.

Mukatsimikiza kuti palibe pobooka, chotsani paipi yaikulu ya mpweya, muyang'ane m'kamwa mwa throttle body. Pa galimoto yoyenda m'misewu yathu ya fumbi mudzapeza mkombero wakuda wonata ngati phula, pomwe khomo limatsekera. Pukutani ndi nsalu yonyowetsa ndi carb cleaner, kutsogolo ndi kuseri kwa khomolo. Valavu ya ISC ili kunsi kwake. Imasuleni mosamala, zomangira zake zimaphwanyika mitu msanga, muitsuke mpaka izitembenuka momasuka, muike gasiketi yatsopano. Pa valavu imeneyi pamadutsa timapaipi ta madzi a rediyeta, choncho madzi akachepa kapena mukakhala mpweya m'njira zake, singano imayamba kukwera n'kutsika yokha. Onani madzi injini itazizira. Chivindikiro cha rediyeta yotentha musachitsegule, madziwo amasupula khungu.

Chomwe chimandiwawa ndi kuona wina akuthamangira kumanga kebulo ya moto kapena kupotokola kasikulu koimitsira khomo la throttle kuti injini ikwere. Kuzima kumasiyadi masiku angapo, koma chomwe chinadwala sichinachire, petulo akupita wambiri, ndipo sensa ya throttle yasiya kuuza kompyuta kuti phazi lachoka. Wodzakonza pambuyo pake amayamba wavutika kubweza zomwe zinapotokoledwazo. Ngati galimoto yanu ili ndi valavu ya EGR, yobweza utsi wina wa ekizosi mu injini, ionenso: ikakakamira yotseguka ndi mwaye, utsi umabwerera mu injini pa nthawi yosayenera ndipo idling imakhala yamabwanubwanu.

Moto

Kuti mudziwe ngati pali silinda yomwe ikugona, injini ikulira zulani pulagi ya magetsi ya injekita imodzi, mumve, mubweze, mupite pa ina. Iliyonse iyenera kugwetsa injini mofanana. Yomwe mwazula koma osasintha kanthu ndiyo ya silinda yogonayo. Njirayi ndi yabwino kuposa kuzula mawaya a mapulagi, komwe kumatha kukumenyani shoko ndi kupweteka koyilo.

Masulani mapulagi, muwayale pa nsalu mwa dongosolo lake. Ofiirira ngati khofi wamkaka ali bwino. Onse anayi akuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka. Oyera mbee, petulo akuchepa kapena mpweya ukuba. Imodzi yokha yonyowa ndi petulo, silinda imeneyo ilibe moto kapena injekita yake ikudontha. Imodzi yoyera ngati yotsuka pomwe anzake ali ndi mwaye, kayikirani madzi olowa kudzera pa gasiketi ya hedi. Mukapeza oyilo atadzadza m'mabowo momwe mapulagi amalowa, masilo a chivindikiro atha, ndipo oyiloyo amaononga mawaya. Waya aliyense wa pulagi asapitirire 25 kΩ pa multimeter. Usiku, pamdima weniweni, tsegulani boneti injini ikulira: mukaona timoto tabuluu tikudumpha pa mawaya, asintheni onse. Pobweza kumbukirani kuti dongosolo la moto m'masilinda ndi 1-3-4-2.

Pa injini zambiri za mtunduwu koyilo ili m'kati mwa distributor. Tsegulani chivindikiro chake, muone ngati muli oyilo, ming'alu, kapena mizere yakuda ngati yolemba ndi pensulo. Koyilo ya mng'alu imagwira ntchito bwino ikazizira, ikatentha mng'aluwo umatseguka, moto n'kuthawira ku chitsulo. Tibwereranso pamenepa.

Mafuta

Nthawi ya kusowa kwa mafuta ambirife tathirapo petulo wa m'zigubu, ndipo zigubuzo zimabwera ndi madzi, mchenga, nthawi zina parafini. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikakhala miyezi itaimikidwa ndi thanki yosadzadza, madzi amakhazikika pansi, dzimbiri n'kuyamba. Tapani petulo pang'ono m'botolo loonekera, muliimike mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi, mzere wake woonekeratu. Ngati simukudziwa kuti fyuluta ya petulo inasinthidwa liti, isintheni. Ichi chokha ndi chomwe ndingakuloleni kugula musanapime. Paipi ya petulo imakhala ndi mphamvu ngakhale injini itazima, choncho ikuteni ndi nsalu pomasula, injini ikhale yozizira, fodya akhale kutali.

Pa Toyota zimenezi musadabwe kuti simukumva pampu mukangotembenuza kiyi. Imayamba pamene sitata ikuzungulira. Kuti muimve, lumikizani +B ndi FP m'kabokosi ka DIAGNOSIS kaja, kiyi ali woyatsa, mutchere khutu pampando wakumbuyo. Kulira kwake kukhale kosalala. Koma pampu yolira si pampu yamphamvu. Geji ndiyo imanena zoona: pakati pa 2.7 ndi 3.1 kg/cm². Zulaninso kapaipi kakang'ono ka pa regulator yowongolera mphamvu ya petulo, kumapeto kwa chitsulo chogwira mainjekita. Mukapezamo petulo, regulator yabooka.

Pali kachinthu kena kophweka. Galimoto ikazima mutayenda mtunda wautali, tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukukokedwa mwamphamvu kulowa m'kati, galimoto n'kulira pompo, thanki sikupuma ndipo pampu imalimbana ndi kukoka komweko.

Yokana kulira ikatentha

Apa pali mitundu itatu ya kukana, ndipo muyenera kudziwa wanu musanakhudze chilichonse.

Woyamba ndi woti mukatembenuza kiyi mumangomva "tapu", injini osazungulira, kapena kuzungulira mwaulesi. Ameneyu si wa mafuta ayi. Ndi batire, mawaya okhuthala aja, kapena timkuwa ta m'kati mwa solenoid ya sitata tomwe tadyeka. Timkuwato timagulitsidwa patokha, palibe chifukwa chogulira sitata yonse.

Wachiwiri, injini imazungulira nthawi yaitali, kenako n'kugwira monyinyirika, utsi wakuda, fungo la petulo. Yesani kuponda moto mpaka pansi, osapopa, muliza. Ikagwira msanga, injini inakhuta petulo. Oganiziridwa ndi awiri: injekita yodontha galimoto ikaima, kapena sensa ya kutentha kwa madzi yomwe ikunamiza kompyuta kuti kunja kukuzizira. Sensa imeneyi ili ndi mawaya awiri. Musaisokoneze ndi ya waya mmodzi yoyendetsa singano ya pa dashibodi. Ipimeni: pa 20°C iwerenge 2 mpaka 3 kΩ, pa 80°C igwe kufika 0.2 mpaka 0.4 kΩ. Ikamawerenga zikwizikwi injini ili yotentha, wakubayo ndi ameneyo, ndipo nthawi zambiri sasiya nambala iliyonse m'kompyuta chifukwa waya sanaduke, sensa ikungonama.

Pamenepa nditchule thermostat. Kwathu kuno ambiri amaichotsa, amati dziko lathu ndi lotentha, ija ndi ya ku Japan. Ndimatsutsa kwambiri. Injini ya EFI, ya mainjekita ndi kompyuta, yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, pamsewu wotsetsereka imazizirira, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo wochuluka ngati ndi m'mawa. Mapulagi amada, throttle imada, idling imaonongeka. Ngati galimoto imawira, cholakwa chili pa rediyeta yotsekeka, fani, chivindikiro kapena pampu ya madzi. Konzani chimenecho, thermostat ibwerere.

Wachitatu ndi uja wa pagolosale: imazungulira bwino, sigwira olo pang'ono, ikazizira imalira. Musadikire kuti izizire. Pomwepo, kutentha kukadalipo, tengani pulagi yapadera ija, muivale pa waya mmodzi, muigoneke pa chitsulo cha injini osaigwira ndi dzanja, wina alize sitata masekondi awiri okha. Moto ukhale wabuluu, wothetheka. Ngati palibe, kapena ndi wofiira wofooka, vuto lili mu distributor: koyilo, igniter yoyendetsa koyiloyo, kapena pickup yomva kazunguliridwe ka injini. Ikani nsalu yonyowa pa thupi la distributor mphindi zingapo, madzi asalowe m'kati. Moto ukabwerera msanga kuposa masiku onse, mwatsimikiza. Ndinaonapo Corolla yomwe inasinthidwa pampu kawiri chifukwa cha kukana kotereku. Tsiku lomwe tinaidikira mpaka ikane, tinapeza kuti moto palibe, ndipo titatsegula distributor, koyilo inali ndi kamng'alu ngati tsitsi, m'mbali mwake mutapsa motuwa.

Moto ukakhalapo, tembenukirani ku mafuta. Lumikizani +B ndi FP masekondi 5, chotsani, muliza. Ikagwira kamodzi, ndiye kuti mphamvu ya petulo imathawa galimoto ikaima. Injini ikangozimitsidwa fani imaima, madzi amaima, kutentha pansi pa boneti kumakwera kwa mphindi zingapo, ndipo petulo wopanda mphamvu yomupanikiza amawira m'mapaipi n'kusanduka mpweya. N'chifukwa chake kuima mphindi 10 kumavuta kuposa kuima usiku wonse, ndipo n'chifukwa chake matendawa amakula m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kwa oyenda ku Chikwawa ndi ku Nsanje kapena oima atangomaliza kukwera Thabwa. Chothawitsa mphamvu chimakhala kavalavu ka m'pampu, regulator kapena injekita, ndipo geji yosiyidwa pa paipi injini itazima ndiyo ingasonyeze. Ngati pampu imalira ndi kawaya kokha koma osalira pa sitata, onani relay yake ndi mapulagi ake.

Za kabuleta

Eni Nissan 1400, Mazda 323 zakale ndi Hilux za injini ya 4Y, zambiri zapamwambazi zikukukhudzani, kupatula za kompyuta. Galimoto yanu ikamazima pa idling koma n'kumayenda bwino mukaponda moto, jeti yaing'ono ya idling yatsekeka. Itsukeni ndi mankhwala ndi mpweya, osati kuitokosa ndi waya, mungaikulitse bowo. Pambali pa kabuleta zambiri pali solenoid yodula petulo. Wina akatembenuza kiyi iyenera kulira "tiki". Ikapanda kulira, idling kulibe. Injini itatentha chotsani fyuluta ya mpweya, muone ngati choko yatseguka yonse.

Ikakana itatentha, suzumirani m'kamwa mwa kabuleta injini itangozima kumene. Mukaona petulo akudontha kapena nthunzi yoyera ikufuka, petulo akuwira m'mbale kapena nidulo ya floti sikutseka. Pondani moto mpaka pansi poliza. Onani ngati chotchinga chokhuthala cha pakati pa kabuleta ndi manifodi chilipo, pakuti ena amachitaya pomanga injini. Kukakhala kouma, mukaponda moto petulo osatuluka, ikani nsalu yonyowa pa pampu ya pambali pa injini ndi pa paipi yake. Ikalira, sunthani paipiyo italikirane ndi ekizosi. Ngati distributor yake ndi ya mapointi, mpata wake ndi pafupifupi 0.45 mm, ndipo kondensa imafa ikatentha chimodzimodzi koyilo.

Zonse zikakhala bwino koma vuto likadalipo

Ndiye nthawi yopima kompuleshoni, injini ili yotentha, throttle yotsegula. Pa 4A-FE silinda isatsike pansi pa 10 kg/cm², ndipo masilinda asasiyane kuposa 1 kg/cm². Mavalavu othina mpata amapereka chithunzi chomwechi cha injini yabwino m'mawa, yonjenjemera ikatentha, chifukwa chitsulo chikafutukuka valavu simatseka bwino. Pa injini zimenezi mpatawo umakonzedwa ndi mashimu, ntchito ya makaniko wa zida zake. Taimingi nayo ipimidwe ndi nyali, TE1 ndi E1 zili zolumikiza, pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, osati kupotokola distributor ndi khutu.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chakale musataye mpaka mutatsimikiza. Mukamaliza, bwerezani zomwe zinkaidwalitsa: yendani mpaka fani iyake n'kuzima kawiri, yatsani nyali ndi ekoni, imani pa giya mutaponda buleki, kenako zimitsani padzuwa, mudikire mphindi 10 mpaka 15, muliza osaponda moto. Chitani zimenezi masiku atatu otsatizana masana, pafupi ndi kunyumba, kawaya ndi pulagi yapadera zili m'galimoto.